Galimoto Yofiira ya Rawheya

1

Khadi ya mlongo wanga Rawheya inafa Lachiwiri m'mawa, pawindo lachitatu la positi ofesi ya kwathu ku Girga, ine ndili kumbuyo kwake nditamunyamulira chikwama.

"Mulibe kanthu umu, mayi," anatero kalaliki, osadzutsa n'komwe mutu.

"Bwerezani. Makina anuwa amakonda kugona."

Anabwereza, kenaka n'kuikankhira khadiyo kunja ndi chala chimodzi ngati yatoledwa m'ngalande.

"Akuimitsani. Kafunseni ku ofesi yosamalira anthu."

"Andiimitsa? Madokotala alephera kundiimitsa zaka makumi asanu, lero mwatha ndinu?"

Amayi a pamzere anaseka. Ine sindinaseke. Ndinamenya windolo ndi chikhatho mpaka mlonda anabwera, ndipo ndinatukwana kalalikiyo, makina ake, ndi yemwe anamulemba ntchito.

Poliyo anamudya Rawheya miyendo yonse iwiri ali ndi zaka zitatu. Amayenda ndi zitsulo zomanga kuyambira m'ntchafu mpaka kuphazi, ndi ndodo ziwiri zomwe zinamukhwimitsa m'khwapa ngati chikopa cha ng'ombe. Ndalama ya aulumali imene boma linkamupatsa mwezi ndi mwezi si yoti munthu n'kuinyadira: mankhwala a msana, gasi wophikira, shuga, yatha. Koma m'moyo wake wonse chinali chinthu chokhacho chobwera cholembedwa dzina lake. Tsiku lolandira ankavala mpango watsopano, n'kugula theka la nkhuku osapempha munthu.

2

Ofesi yosamalira anthu ili pamwamba, masitepe makumi awiri ndi anayi. Amene anaganiza zoika ofesi ya anthu osayenda pamwamba pa sitolo ya matayala, Mulungu adzamufunse yekha. Mlamu wanga Sobhi, mwamuna wa Rawheya, anatseka kashopu kake kositira zovala n'kudzamubereka mkazi wake kumsana monga mwa nthawi zonse. Ine ndinanyamula ndodo.

Fayilo ya Rawheya inali m'manja mwa Mayi Nagwa, mayi wamagalasi, wosachedwa kutopa ndi anthu. Anayang'ana kompyuta nthawi yaitali, kenaka anavula magalasiwo.

"Mayi Rawheya, galimoto yanu ikuyenda bwino?"

Rawheya anasisita Sobhi paphewa. "Iyi? Imatsokomola pokwera mtunda, koma ikuyenda."

"Sindikuseka. Pano palembedwa kuti muli ndi galimoto yofiira, yatsopano. Inalowa padoko la Port Said zaka ziwiri zapitazo, yosalipira msonkho. Mwini galimoto si wosauka. N'chifukwa chake khadi yanu yatsekedwa."

"Galimoto? Ine? Mayi inu, ine ngakhale bulu ndilibe!"

"Ndikudziwa. Simuli nokha, ndili ndi mafayilo asanu ndi awiri otere." Mayi Nagwa anapuma mozama. "Munthu waulumali amaloledwa kuitanitsa galimoto kunja popanda msonkho. Ndiye pali anthu oyendayenda omwe amagula mayina a anthu ngati inu. Galimoto imalembedwa dzina lanu, koma yemwe akuiyendetsa ndi bwana wina ku Cairo amene miyendo yake ili bwinobwino."

"Ine sindinagulitse dzina kwa munthu."

"Ndiye kuti wina anakugulitsani. Komiti ikhala kumapeto kwa mwezi wamawa. Mukabwera ndi munthu amene anachita izi, inu mukhala woberedwa, khadi ibwerera. Mukabwera chimanjamanja, wakubayo mukhala inu. Khadi ipita mpaka kale, ndipo msonkho wa galimotoyo adzaufuna kwa inu."

Ine ndinalumpha pampando. Ndinati boma la akhungu, boma lomwe limatha kuona galimoto ku Port Said koma osaona zitsulo zili pamaso pake. Ndinakuwa mpaka a m'sitolo ya matayala anakwera kudzasuzumira. Mayi Nagwa anandidikira ndimalize.

"Mwatha, a Hajji? Mawu muli nawo. Kapezeni munthuyo."

3

Ine Shehata ndine munthu wosakhazikika. Ndinapondako matope a njerwa ku Baghdad, ndinawedzako ku Libya, ndinagulitsako mawotchi ku Aqaba. Ndinakwatira kawiri, osasiya mwana. Chuma chomwe ndinabwera nacho ndi nkhani za anthu a m'sitima ndi m'malo omwera tiyi, ndipo ndikazifotokoza anthu amaiwala kupita kwawo. Sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga ndimatha, ndipo m'banja mwathu zimenezo zinandisandutsa loya.

Khadi ija ndinamupezera Rawheya ndine, ndipo mumsewu mwathu aliyense amadziwa. Zaka zinayi anazungulira nayo yekha ndi Sobhi. Kalata ya dokotala inkatha mphamvu akudikira chithunzi cha mafupa, chithunzi chikatuluka chiphaso chatha, chiphaso chikabwera bwana wosainira wapita kumaliro. Nditabwerako ku maulendo anga ndinati basi, ndinamukweza sitima mpaka ku Cairo, kawiri konse. Ndikukumbukira gulu la madokotala atatu akumuuza kuti ayende popanda ndodo kuti aone mmene amagwera. Anagwa. Mmodzi wa iwo, wamng'ono woti n'kukhala mwana wake, anafunsa ngati vutoli ndi lakanthawi.

"Ikaphuka ina ndidzakuuzani, adokotala," anayankha Rawheya ali pansi.

Ndiye pobwerera kuchokera kwa Mayi Nagwa, Sobhi atatsika kuti akatsegule shopu, tinatsala awiri m'tukutuku, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu. Rawheya anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, ndani angandichite zimenezi?"

Rawheya sadziwa kulemba. Amasainira ndi kachidindo kamkuwa kolembedwa dzina lake, monga amachitira amayi ambiri amsinkhu wake.

"Chidindo chako ndi chiphaso amasunga ndani?" ndinafunsa.

"Zili m'kabati. Kiyi ali ndi a Sobhi."

"Nanga simbi yanthunzi ija, ija inabwera zaka ziwiri zapitazo, anaigula ndi chiyani?"

"Amalipira pang'onopang'ono. Anandionetsa pepala."

"Unaliwerenga?"

Anayang'ana kunja mpaka tinafika.

4

Sobhi ndi kamunthu kowonda, kachifuwa cha mphumu, kolankhula ngati kakupepesa. Anamukwatira Rawheya onse atadutsa zaka makumi atatu, ndipo ine sindinamukonde chiyambire. Munthu wosakwiya ndimamuopa.

Ndinamupeza masana, anthu akutuluka mumzikiti. Anali atadzaza madzi m'kamwa kuti apemerere pamkanjo wa munthu, monga amachitira ositawa. Ndinaima pakati pa msewu kuti aliyense amve.

"Iwe Sobhi! Miyendo ya mlongo wanga unaigulitsa zingati?"

Madzi aja anawameza, n'kutsamwa.

"A Hajji, mukunena ine?"

"Ndikunena simbi yakoyo! Zaka makumi awiri ukusita ndi makala, lero nthunzi yachokera kuti? Kiyi wa kabati ali ndi ndani?"

"Alamu, tiyeni tilowe m'nyumba, anthu akumva."

"Amve! Unkamubereka kumsana kuti tizikuti woyera mtima, chonsecho unkayeza kulemera kwa katundu wako!"

"Ndikulumbira pa Buku Loyera, alamu..."

"Wosita amasalaza chilichonse, ngakhale bodza."

Anthu anaseka, ndipo ndikuvomera kuti kusekako kunandikomera. Rawheya anali atadzikoka mpaka pakhomo, atatsamira ndodo zake.

"A Sobhi, tandiyang'anani. Munatsegulapo kabati ija ine kulibe?"

Mwamuna wina akanakuwa, akanaswa mbale, akanandigwira pakhosi. Sobhi anangoyamba kulira, misozi chuchuchu, simbi ili m'manja. Kwathu kuno mwamuna akalira pagulu ndiye kuti wagwidwa.

"Mukagone kushopu kwanuko," anatero Rawheya, n'kutseka chitseko.

Pofika Lachisanu, anthu anali atatenga zovala zawo, zina zikadali zonyowa. Mphunzitsi wa pakona anati sangavale malaya ositidwa ndi munthu wogulitsa mkazi wake. Ana ankadutsa pashopupo akulira ngati hutala ya galimoto. Sobhi ankangokhala pampando, m'mawa uliwonse n'kusiya buledi ndi mbale ya nyemba pakhomo la Rawheya. Rawheya ankapatsa amphaka.

5

Patapita masabata awiri Sobhi anabwera kwa ine, atavala mkanjo woyera wa Lachisanu.

"A Hajji, mundiperekeze ku ofesi. Inu mumadziwa kalankhulidwe ka kumeneko."

"Ukatani?"

"Ndikavomere."

Ndinamuyang'ana. "Ndiye unachitadi?"

"Akufuna wakuba, alamu. Akapanda kumupeza atenga Rawheya. Ine mumsewu muno ndine wakuba kale, ndiye chatsala n'chiyani? Bola khadi ibwerere."

Ndinamuperekeza. Ndinakwera naye masitepe aja, ndipo ndinamukokera mpando.

Mayi Nagwa anatenga cholembera. "Chabwino, bambo. Dzinalo munagulitsa kwa ndani?"

"Kwa munthu wina wake. Wonenepa."

"Dzina lake?"

"Sanandiuze."

"Munakumana kuti?"

"Ku... kudoko."

"Port Said munafikako liti?"

Sobhi anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Munthuyu sanapitirirepo Asyut, mzinda wa m'dera lathu lomweli, chibadwire.

"Kalata yopatsa munthu mphamvu pagalimotoyo inadindidwa ku Cairo, akazi anu alipo, chala chawo chili pomwepo," anatero Mayi Nagwa. "Munawatengera ku Cairo mwezi wanji?"

"Mwezi wa... kunkazizira."

Mayi Nagwa anaika cholembera pansi. "Bambo, bwererani kosita. Bodza si ntchito yanu. Ndipo musavutike, ndalembera kale ku Cairo kuti anditumizire kalatayo. Ifika m'masiku khumi. Dzina la amene anapatsidwa mphamvu lili pamenepo."

Titatsika, ndinamugwira Sobhi pamkanjo n'kumukankhira pamulu wa matayala.

"Chitsiru! Ngakhale kunama kukukanika? Ukanangoti Zaghloul, pafupi ndi siteshoni, mwezi wa Febuluwale! Zovuta pamenepo n'chiyani?"

Mawuwo anatuluka okha. Sobhi anakhala pamatayalapo, akupuma movutika, maso ali pa ine.

"Zaghloul ndi ndani, alamu?"

Ndinamusiya pomwepo n'kuthamangira kusiteshoni.

6

Zaghloul ndinakumana naye paulendo woyamba wa ku Cairo. Rawheya anali akupumula kwa msuweni wathu, ine ndinakhala pamalo omwera tiyi pafupi ndi siteshoni, ndikufotokozera anthu za madokotala atatu aja. Munthu wina wovala mphete zitatu anaseka kuposa onse, n'kundilipirira tiyi.

"Mlongo wanuyo adzagulapo galimoto?" anafunsa.

"Ndi chiyani?"

"Ndiye dzina lake likungogona. Boma linamupatsa ufulu woti sadzaugwiritsa ntchito mpaka kumanda. Tibwerekeni. Iye sataya kanthu, inu mupeza kanthu, wolira ndi wamsonkho yekha. Kodi wamsonkho ndi m'bale wanu?"

Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Ndinali nditafika kulikonse kupatula ku Nyumba ya Mulungu ku Maka, ndipo anzanga onse a msinkhu wanga ankatchedwa Hajji, ine ndekha ndikutchedwa Shehata woyendayenda. Ndalama yomwe Zaghloul anatchula inali yokwana ulendo wa ku Maka, n'kutsalako ya mphatso.

Khadi itatuluka, ndinauza Rawheya kuti madokotala akumufunanso. Sanadabwe, anali atazolowera. Ndinauza Sobhi kuti asatseke shopu, ndipita naye ndekha, andipatse chidindo ndi chiphaso. Anandipatsa, n'kundithokoza. Munthu wa Zaghloul anatilowetsa pakhomo lambali la chipatala, madokotala ena anamuyang'ana miyendo, kenaka tinapita ku ofesi yodindira makalata. Kalaliki wa kumeneko anagwira ntchito yake, sindingamunamizire. Anafunsa kuti:

"Mayi, mukudziwa zomwe mukudinda?"

"Achimwene anga awerenga," anatero Rawheya, n'kuuzira mpweya pakachidindo kake kuti kagwire bwino.

Tsiku lomwe ndinabwerako ku Maka, nthungululu za Rawheya zinamveka mpaka kumsika. Anagulitsa ndolo zomwe mayi anamusiyira kuti aphe nkhosa. Sobhi analipira wojambula kuti ajambule ndege ndi sitima yapamadzi pakhoma langa, n'kulemba pamwamba kuti Hajji Shehata. Ndinawauza kuti ndalamayo inali yanga yakale ya ku Iraq yomwe inachedwa kubwera, ndipo nkhaniyo ndinaikometsa mpaka ndinayamba kuikhulupirira ndekha.

Ndiye nditamusiya Sobhi pamatayala paja, ndinakwera sitima kukamufuna Zaghloul. Ndinamupeza pampando womwewo, mphete zitakwana zinayi.

"Munati sataya kanthu! Amutsekera khadi!"

"Nthawi imeneyo makompyuta awo sankalankhulana, Hajji. Pano ayamba miseche. Ndilakwa ine?"

"Bwezani galimotoyo."

"Ili ku Alexandria, kwa mkazi wa dokotala wa mano. Pitani mukamulande." Anaitanitsa tiyi. "Tamverani. Mlongo wanu anapatsa mphamvu inu. Inu munapatsa mnyamata wanga, yemwe pano ali ku Italy. Dzina langa mulipeza pati? Khalani pansi mundiuzeko nkhani ina, mumanditsitsimula."

Ndinamukhuthulira tiyi wotentha pamkanjo. Anyamata ake anandiponya mumsewu ngati thumba la anyezi, ndipo pobwerera ndinakhala m'sitima maola asanu ndi atatu osalankhula ndi munthu, koyamba m'moyo wanga.

7

Sobhi sanamuuze kanthu Rawheya. Ndinadziwa chifukwa nditafika m'mawa mwake ndinamupeza akusankha mpunga pathireyi, n'kundilandira ndi nkhope yakale.

"Achimwene, munasowa. Mwadya?"

Musaganize kuti ndinapita kukalapa. Kalata inali m'njira, ndipo ndinali nditawerengera bwino. Kwathu kuno mkazi satengera mchimwene wake kupolisi. Akhoza kumutukwana, akhoza osamulankhula mpaka chikondwerero cha Idi, koma kuboma sapita naye. Bambo atamwalira, mchimwene ndiye denga lake. Ndinkadziwa kuti akalira, akakuwa, kenaka tipeza njira ya m'nyumba.

Ndinamuuza zonse mwachidule, maso ali pampunga. Sanagwetse thireyi. Anaiika pambali bwinobwino.

"Tsiku lija mumsewu, mukumufunsa Sobhi kuti anandigulitsa zingati, munkadziwa?"

"Ndinachita mantha, Rawheya."

"Ndafunsa kuti munkadziwa?"

"Inde."

"Tsiku lomwe ndinagwa pamaso pa madokotala, munali mutandigulitsa kale, kapena munali mukuganizabe mtengo?"

"Usalankhule choncho. Khadiyo ndinakupezera ndine. Popanda ine bwenzi ukuzungulirabe m'maofesi mpaka lero!"

"Ndiye munadzilipira."

"Tamvera. Khadiyo isiye. Ndalama yake ndi yochepa, ndizikupatsa ine mwezi ndi mwezi. Za msonkho ndikalankhula ndi anthu. Uwauze a komiti kuti unadinda ukudziwa, kuti unkafuna kuthandiza m'bale wako. Mkazi waulumali sangamutsekere, amumvera chisoni."

"Chisoni." Anaseka kuseka koipa. "Ndikhale wakuba kuti inu mukhalebe Hajji. Kenaka mwezi ukatha ndizitambasula dzanja kwa inu, inu muli ku Libya kapena kumwezi. Achimwene, ndinadya chisoni cha anthu zaka makumi asanu, ndikudziwa kukoma kwake. Khadi ija sinkandifunsa kuti shuga wathera chiyani msanga."

"Ndine mwana wa mayi ako!"

"Ndolo za mayi anga zinapita ndi nkhosa yanu. Tulukani. Mukadutsa pashopu muwauze a Sobhi abwere, ndikufuna kuwapempha chikhululukiro. Kapena ayi, musawalankhule. Pakamwa panu pawakwana."

Nkhani inafala dzuwa lisanapendeke, ndipo madzulo ake nyumba ya Rawheya inadzaza amayi. Ndinkayembekeza kuti abwera kudzandilavulira. Anabwera kudzamupempha iye. Azakhali athu, okalamba osaona, anachita kunyamulidwa.

"Mwana wanga, walakwa inde, koma ndi mwamuna wa m'nyumba ya bambo ako. Ukamumangitsa, maliro ako adzanyamula ndani? Munthu woti anakafika ku Nyumba ya Mulungu akagone pasimenti chifukwa cha ndalama ya shuga?"

"Anakafikako ndi miyendo yanga, azakhali," anatero Rawheya. "Ine ndinatsala kuno ndikukwawa."

Amayi aja anatuluka akupukusa mitu. Ine ndinagona mtima uli m'malo. Ndinati akwiya sabata imodzi, koma pamaso pa boma dzanja lake lidzalemera.

8

Tsiku la komiti Sobhi anamuberekanso pamasitepe aja. Ndodo ananyamula yekha, atazikoleka pakhosi ndi chingwe, ine ndikubwera kumbuyo manja ali lende. M'chipindamo munali Mayi Nagwa, abambo awiri a komiti, ndi wapolisi atakhala pakona. Kalata ya ku Cairo inali patebulo, dzina langa lili poyera.

"Mayi Rawheya," anatero Mayi Nagwa, "pali mapepala awiri. Ili likuti munadinda mukudziwa. Ili likuti a Shehata anakunamizani, ndipo mukuwadandaulira kuboma. Mukadinda lachiwirili, apita ndi bambo ali pakonawo."

"Ndiwerengereni lachiwirilo."

Mayi Nagwa anawerenga.

"Bwerezani. Pang'onopang'ono. Pomwe pali dzina lawo muikepo chala ndione."

Anabwereza. Ine ndinagwada, ine Shehata, pamaso pa anthu achilendo, n'kugwira chitsulo cha mwendo wake.

"Rawheya, ndinkakubereka popita kumunda uli mwana. Waiwala?"

"Sindinaiwale. N'chifukwa chake sindinafunse zomwe ndinkadinda."

Anatulutsa chidindo. Chinagunda patebulo kamodzi, kenaka anapereka chala kuti achipake inki.

Ndinadzuka ndikukuwa. Ndinamutchula mayina omwe sindingalembe m'magazini ino. Ndinamutchula dzina lomwe ana ankamunena nalo ali wamng'ono, lomwe ndinkamenyera anzanga akalitchula. Wapolisi anandigwira mkono. Mawu omaliza amene ndinamva potuluka anali a Rawheya, akufunsa Mayi Nagwa mwaulemu kuti:

"Ndiye khadiyo ndidzaitenge liti, mayi?"

9

Anandigamula chaka, ndinakhalamo miyezi isanu ndi itatu. Galimoto anailanda ku Alexandria. Zaghloul mpaka lero akumwa tiyi pafupi ndi siteshoni.

Wobwera kudzandiona anali mmodzi, Sobhi. Anabwera mwezi wachisanu ndi buledi ndi tchizi m'kathumba.

"Watumiza ndi Rawheya?"

"Ayi, alamu. Sakudziwa kuti ndili kuno."

"Khadi?"

"Inabwera sabata yatha, pamodzi ndi za miyezi yonse yomwe anatseka. Anapita yekha pa tukutuku, anakana kuti ndimuperekeze."

"Wandikhululukira?"

"Za inu sindikudziwa. Ine sanandikhululukire."

"Iwe? Unalakwa chiyani?"

"Akuti ndinakavomera mlandu wosakhala wanga, ndiye kuti nanenso ndinkafuna kumukonzera moyo ndi bodza iye osadziwa. Ndinabwerera m'nyumba, koma kiyi wa kabati anandilanda." Anamwetulira pang'ono. "Akunena zoona."

Ndinafuna kumumenya ndi buledi yemweyo.

Inu owerenga, mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndende inandiphunzitsa. Miyezi yoyamba ndinkangokwiyira Rawheya, ndipo ndinkauza akaidi anzanga nkhani ya mlongo wouma mtima, iwo n'kumandimvera chisoni. Mkwiyo umene ndili nawo lero ndi wina, ndipo unayamba tsiku lomwe ndinabwerera ku Girga.

Ndinkaganiza kuti ndilowa mumsewu mwathu chozemba. Anandilandira ngati ndachokera kunkhondo. Mphunzitsi wa pakona, yemwe uja anakana malaya a Sobhi, anandipsompsona masaya onse awiri. Wometa anakana ndalama yanga. Anthu amati, "Pepani a Hajji, Mulungu akuyesani ndi mlongo wotere." Kwa Rawheya amayi sapitako. Pa ukwati wa mdzukulu wa azakhali sanamuitane. Akamadutsa ndi ndodo zake kupita kupositi ofesi, amayi amakokera ana awo m'nyumba n'kumanong'ona kuti uyo ndi uja anamangitsa mchimwene wake chifukwa cha ndalama ya shuga. Iye amadutsa mutu uli m'mwamba, ndipo akandiona amayang'ana khoma.

Ngati kwanuko kuli munthu amene amadinda pomwe mwamulozera chifukwa choti ndinu m'bale wake, dziwani kuti tsiku lomwe mudzamubere anthu adzakhala mbali yanu. Ine palibe anandiuza zimenezi, koma ndinkazidziwa, ndipo n'zomwe zinandilimbitsa mtima ku Cairo kuja. Ndinalakwitsa pa munthu mmodzi yekha.

Ndayesapo kawiri kuimirira pamalo omwera tiyi kuti ndinene kuti wakuba ndine, kuti mkazi uja anachita zomwe mwamuna aliyense wa mumsewu muno akanachita ataberedwa. Amandigwira paphewa n'kundikhazika pansi. Amati ndine wamtima wabwino, ndikumuikira kumbuyo ngakhale anandichita zoipa. Kenaka mwini malo amakuwa kuti, "Tiyi wa a Hajji, shuga wambiri, salipira!"

Ndipo tiyiyo ndimamwa.